Chitsamba Chobwereka cha aNangondo

Kuseri kwa phiri lina lometedwa mpala, m'dziko limene dzina lake sitilitchula chifukwa tili ndi ana oti tiwalere, kunali mudzi umene unatchuka ndi kubzala mitengo.

Pa nkhani imeneyi panalibe mudzi wina woupambana. Dzinja likafika ankabzala, chilimwe chikafika ankabzala, ngakhale mwezi wa Okutobala umene nthaka imawotcha mapazi iwo ankabzalabe, bola papezeke mlendo wogwira khasu ndi munthu wojambula zithunzi. Wailesi inkawatama m'mawa ndi madzulo. Chinthu chimodzi chokha chimene mudziwu unkasowa ndi mitengo. Ina inapita ku makala, ina inawotcha njerwa, ndipo mkuyu womaliza wa pabwalo anaugwetsa kuti apeze mizati ya chisakasa chokhalamo alendo pa tsiku lobzala mitengo. Mbande zimene alendowo ankabzala sizinkagona. Magalimoto akangokhota pa mseu, mbuzi zinkabwera kudzatseka mwambo.

Ntchito yonseyi inali m'manja mwa bambo Yotamu Kachingwe, amene udindo wawo ukautchula wonse unali Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu Yolandira Alendo, Kukumba Maenje ndi Kuomba M'manja. Bambowa ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ankasunga pansi pa bedi khasu la mwambo lomangidwa riboni, limene chibadwire silinaonepo munda. Vuto lawo linali mbuzi. Alendo anayamba kudandaula kuti mbande zikuoneka zofota pa zithunzi, ndipo mlendo wina anajambulidwa ali mkati mwa kulankhula mbuzi ikumudyera mtengo wake kumbuyo.

Kumapeto kwa mudziwo kunkakhala mayi wamasiye, aNangondo. Amuna awo, malemu a Lufeyo, pa ulendo wawo womaliza wa geni kumapiri ozizira anabwerako ndi kambande m'pepala la shuga. Anati dzina lake ndi anisi. Anakabzala kuseri kwa nyumba, pakati pa thandala ndi nthochi, pamene dzuwa limangosuzumira m'mawa ndipo madzi a mbale amadontha tsiku lonse.

"Ichi sichifuna zambiri, aNangondo," anatero a Lufeyo akupukuta manja. "Mthunzi, chinyezi, ndi kuchisiya. Mukachisiya chidzachita maluwa. Koma musadzayerekeze kuchiphika ngati ndiwo kapena tiyi, n'chakupha, mudzandipeza kumanda ndisanakonzeke."

A Lufeyo anatsikira kuli chete maluwawo asanawaone. Zimenezi zinkawapweteka aNangondo kuposa mmene ankanenera, ndipo analumbira mumtima kuti pa tsiku la chiliza cha amuna awo nkhata idzakhala ya maluwa a chitsamba chimenechi, osati ena. Anachisamala ngati mwana wamasiye. Anaunjika masamba a nthochi patsinde kuti chinyezi chisathawe, anathira manyowa owolerana bwino, ndipo madzi otsukira mpunga sanawatayenso kwina. Chitsambacho chinayamikira. Masamba ake anali okhuthala, onyezimira, obiriwira chaka chonse ngakhale mudzi wonse utasanduka fumbi. Ukalifikisa tsamba m'zala linkanunkhira pakati pa switi ndi mankhwala a chifuwa.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina bambo Kachingwe akuthamangitsa mbuzi imene inadya mbande ya mlendo wa dzulo lake, mbuziyo inawatsogolera kuseri kwa nyumba ya aNangondo. Inafika pa chitsamba, inanunkhiza, inayetsemula, inatembenuka n'kumapita.

"Mayi, mbuzi ija yakana?" anafunsa Wapampando ali wefuwefu.

"Imakana, bambo. Zonse zimakana."

Bambo Kachingwe anavula chipewa monga amachitira munthu akaona chozizwitsa.

Apa ndiyenera kufotokoza khalidwe lina la mudziwu, apo ayi mudzawayesa aNangondo opusa. M'mudzi muja munthu ankatha kukhala wakuba, chidakwa, wamiseche, ngakhale wotamba, ndipo anthu ankamukhululukira pofika Lamulungu. Tchimo losakhululukidwa linali limodzi: kumana. Munthu ankabwereka mchere, mpando, nsapato za ukwati, tambala wokwera nkhuku, ndipo wobwerekedwayo ankayenera kupereka akumwetulira. Womana ankamuonera pa zochitika. Pa mwambo wake amayi ankadwala mutu onse tsiku limodzi, abambo ankapezeka ali ndi maulendo, mipando ya kutchalitchi inkapezeka yathyoka miyendo. Ndipo aNangondo anali ndi chiliza kutsogolo, chofuna onyamula mchenga, ophika ndi oimba.

Choncho pamene bambo Kachingwe anabweranso madzulo ake atakolopa nsapato, nkhani inali itatha isanayambe.

"Odi kuno aNangondo! Tabwera ndi kapempho kakang'ono. Mawa kukubwera Nduna. Timati tibwerekeko chitsamba."

"Kubwereka chitsamba, bambo? Ngati mpando?"

"Ngati mpando, mayi. Madzulo chibwera. Kupatsa n'kuika."

"Koma malemu anati chimafuna kuchisiya."

"Tichisiya ndithu. Tikangomaliza tichisiya."

M'mawa mwake chitsamba chinazulidwa ndi dothi lake, chinakwera wilibala, chinapita kubwalo. Mlendo anali Wolemekezeka a Tambulasi, Nduna ya Zobiriwira ndi Zooneka Patali, munthu wa mimba yotsogola ndi mawu ogwedeza chisakasa. Anagwira khasu la riboni chakunsonga kuopa matuza, anakankhira dothi pang'ono ndi nsapato, anathira madzi ndi keni yatsopano, kenaka anathyola tsamba n'kulinunkhiza.

"Anthu anga," anatero akutseka maso, "ili ndi fungo la chitukuko. Zidzukulu zanu zidzakhala pamthunzi wa mtengo wangawu n'kumanditchula."

Nthungululu zinalira. Anakhoma chikwangwani cha dzina la Nduna. Magalimoto atakhota mbuzi zinabwera monga mwa ntchito yawo, zinanunkhiza, zinabwerera zokhumudwa. Madzulo wilibala inabweza katundu wa eni, ndipo aNangondo anabwezera chitsamba m'dzenje lake akuchipepesa chapansipansi.

Zithunzi zinatuluka zokongola kwambiri moti alendo anayamba kuchita kulimbirana mudziwo. Anabwera Mkulu wa Zamadzi Amene Akubwera, anabzala. Anabwera Mlangizi wa Alangizi, anabzala. Anabwera mbusa wina wa mpingo wa m'tenti amene anachidzoza mafuta asanachikwirire. Aliyense ankasiya chikwangwani chake, ndipo posakhalitsa pabwalo panamera nkhalango ya zikwangwani yothithikana ndithu, moti masana okalamba ankakhala pansi pake kuusa dzuwa. Komiti inanena kuti lonjezo la mthunzi layamba kukwaniritsidwa.

Ntchito itakula, maudindo anaswana. Panakhala Mkulu Wozula, Wachiwiri kwa Mkulu Wozula, Woyendetsa Wilibala Wamkulu, ndi Mlangizi Wapadera wa Mbali Yoyang'ana Kamera, amene ntchito yake inali kutembenuza chitsamba kuti nthambi yake yopindika isaoneke. Onsewa ankadya nawo mpunga wa alendo, ndipo anayamba kunenepa m'khosi.

Chimene chinkaonda ndi chitsamba. Mizu ikati igwire nthaka, khasu linkafika. Dzuwa la pabwalo linawaula masamba mpaka anayamba chikasu m'mphepete. Tsiku lina aNangondo anaona kanthu kozungulira pakati pa masamba, kakang'ono ngati nsawawa, ndipo anadziwa kuti duwa loyamba likubwera. Anavina okha kuseri kwa nyumba. Mawa lake kunabwera mlendo, ndipo madzulo kanthu kaja anakapeza pansi pa wilibala, katathothoka ndi mabampu. Anakatola, anakhala pa mtondo, analira ngati maliro ayambiranso.

Ulendo wotsatira anayesa kulimba mtima.

"Bambo, chitsamba chadwala. Chipumeko mwezi uno."

"Chadwala?" anadabwa Wapampando. "Ndiye bwino, mlendo wa mawa ndi dokotala."

"Ayi bambo, ndati chipume."

Bambo Kachingwe sanakwiye. Anangovala chipewa n'kutsanzika mwaulemu woopsa. M'mawa aNangondo atafika pa mjigo, macheza a amayi anazima. Mmodzi anauza chidebe chake kuti, "Anthu ena ayamba kumana. Tidzaona pa chiliza ngati chitsamba chidzasonkhe moto." Asanafike ndi madzi kunyumba, aNangondo anali atatuma kale uthenga kuti wilibala ibwere.

Dokotala uja sanali wa odwala. Anali Dokotala Mayi Sikelo, Mkulu wa Akulu wa Bungwe la Abwenzi a Mthunzi, amene udokotala wawo anaulandira pa mwambo wina kuhotela. Iwo sanakhutire ndi chikwangwani. Anasindikiza chithunzi cha chitsamba pa nsalu, pansi pake n'kulemba kuti ndi mwana woyamba wa bungwe lawo. Mwatsoka, mwezi womwewo a Nduna anali atasindikiza chitsamba chomwecho pa malaya a anyamata awo. Nsalu ndi malaya zinakumana pa msika, ndipo nkhani inakafika kwa eni ake.

Anafika tsiku limodzi, osalengeza, aliyense ndi magalimoto ake, kudzaona mtengo wake. Pabwalo anapeza zikwangwani ndi dzenje. Komiti inabalalika kuthamangira kwa aNangondo ndi wilibala, ndipo alendo, poona anthu a majekete akuthamanga, anawatsatira. Umu ndi mmene Nduna ya dziko ndi Mkulu wa Akulu anapezekera ataima kuseri kwa nyumba ya mayi wamasiye, pakati pa thandala ndi nthochi, nkhuku zikuwadutsa m'miyendo.

"Uwu ndi mtengo wanga," anatero a Tambulasi. "Ndikuuzindikira nthambi yopindikayo."

"Nthambi imeneyo inapindika m'manja mwanga," anayankha Dokotala Sikelo. "Mayi inu, nenani zoona. Anabzala mtengowu ndani?"

ANangondo anagwada, poti anakula ndi mwambo. "Nonse munabzala, mabwana. Awa anabzala bwino, inunso munabzala bwino. Koma woyamba anali malemu amuna anga."

Mawu omalizawo palibe anawamva, chifukwa aliyense anali ataimbira kale loya wake. Dzuwa lisanalowe khoti linatulutsa chiletso: chitsamba ndi umboni, ndipo mpaka mlandu utatha munthu aliyense asachizule, asachisunthe, asachithyole tsamba kapena duwa. Anachizunguliza chingwe. Bambo Kachingwe, amene sankatha kukhala opanda udindo, anadzisankha kukhala Mlonda Wamkulu wa Umboni, ndipo anabwereka mpando wa aNangondo woti azikhalira polondera.

Akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. M'mudzi muja, kwa nthawi yoyamba, udzu unapuma. Mlandu unayenda monga imayendera milandu ya anthu olemekezeka. Tsiku lina woweruza anali ku msonkhano, tsiku lina loya anali ku maliro, tsiku lina onse analipo koma magetsi kunalibe. Mvula inabwera, inapita. Chiletso chinaiwala kutchula madzi a pa thandala, choncho ankadonthabe, ndipo aNangondo anayamba kutsuka mbale zoyera kale. Mizu inagwira. Chikasu chinachoka, nthambi zatsopano zinatuluka, chitsamba chinafika m'chifuwa mwa munthu. Kubwalo nako, poti kunalibe wokumba maenje, zitsa zakale zinayamba kuphukira zokha, mpaka komiti inachita kuitanitsa ntchito ya chitukuko yokazilambula chifukwa zinkabisa zikwangwani.

ANangondo anali pakati pa chimwemwe ndi mantha. Tsiku la chiliza linali litadziwika, simenti itagulidwa, achibale akutali atauzidwa. Timitu ta maluwa tinadzaza nthambi zonse, ndipo iwo ankatiyang'ana ali kunja kwa chingwe ngati mwana pa windo la sitolo.

"Bambo Kachingwe, ngakhale limodzi lokha likadzatseguka?"

"Mayi, ine ndine munthu wa malamulo. Mukufuna ndikafere kundende chifukwa cha duwa? Tabwerekeniko madzi akumwa."

Sabata ya chiliza yomweyo, maluwa anatseguka. Anali ofiira moderako ngati magazi ouma, a timasamba tating'ono tambirimbiri totambasuka ngati nyenyezi, akulendewera pansi pa masamba obiriwira. Mbiri itafika kutauni, mbali zonse ziwiri zinapempha kuti khoti lidzakhale pamalopo, chifukwa palibe ankafuna kuti mnzake ajambulidwe ndi maluwa yekha. Mlandu umene unkakwawa unadzuka n'kuthamanga.

Mudzi wonse unasonkhana kuseri kwa nyumba. Woweruza anakhala pa mpando wa Mlonda Wamkulu, ndipo analola kuti aliyense wa odandaula ayandikire umboni. A Tambulasi anatsogola. Anakonza tayi, anayang'ana kamera, anawerama, analowetsa mphuno m'duwa n'kukoka mpweya wonse umene chifuwa cha nduna chingakoke.

Chimene malemu a Lufeyo sananene, mwina poti sankachidziwa, n'chakuti anisi wa mtundu umenewu amanunkhira masamba okha. Duwa lake limanunkha nsomba yogona padzuwa.

Nkhope ya Nduna inachita makwinya kuyambira pachipumi mpaka m'khosi. Dokotala Sikelo, poganiza kuti mnzawo wagwidwa ndi chimwemwe, anamukankha n'kununkhiza duwa lawo, ndipo anabwerera chambuyo mpaka anagunda thandala. Kamphepo kanawomba, fungo linayenda mu khamu lonse, nsalu zinakwera kumphuno. Ntchentche zobiriwira zinafika zosaitanidwa n'kukhala kutsogolo.

"Tipitirize," anatero woweruza kudzera mu kampango. "Wolemekezeka, mukuti mtengowu ndi wanu?"

"Bwana woweruza, nditauonetsetsa tsopano, umene ndinabzala ine unali wautaliko, ndipo unali ndi khalidwe. Uwu ndi wa mayiwa. Anachita kuusindikiza pa nsalu."

"Bodza!" anakuwa Dokotala. "Bungwe lathu silibzala zonunkha. Dziko lonse linamva a Nduna akunena kuti ili ndi fungo la chitukuko chawo. Alitenge."

Maloya sanavutike n'komwe. Anangosinthana mbali, aliyense n'kuyamba kutsimikiza ndi mphamvu zonse zimene mnzake ankanena chaka chatha. Woweruza anatembenukira kwa Wapampando.

"Komiti, bwana, nkhani ya chitsambayi inangoimva mphekesera," anatero bambo Kachingwe. "Ife tinkangokankha wilibala. Zimene zinali mkatimo sitinkayang'ana."

"Nanga chinthu chimenechi anachibweretsa m'mudzi muno ndani? Mwini wake ndani?"

Zala zonse, za Nduna, za Dokotala, za komiti, za amayi a pa mjigo, zinaloza malo amodzi. ANangondo anagwada.

Chigamulo chinali chachifupi, poti woweruza ankapuma mosamala. Khoti linapeza kuti chitsamba, mizu yake, maluwa ake ndi fungo lake lonse n'za aNangondo okha, ndipo palibe munthu wolemekezeka amene anachikhudzapo. Chilango chinali chakuti achisunge kuseri kwa nyumba yawo moyo wawo wonse, asadzachitulutsenso ku mwambo uliwonse wa chitukuko, ndipo athyole maluwa onse dzuwa lisanalowe.

"Muli ndi mawu, mayi?"

"Chilango n'chowawa, bwana," anatero aNangondo akuyang'ana pansi kuti mano asaoneke. "Koma ndachilandira."

Magalimoto asanalize n'komwe, iwo anali atalowa kale m'chingwe ndi lichero.

Pa tsiku la chiliza anthu anabwera ambiri, pakuti aNangondo anali asanamanepo munthu. Amayi anaphika, abambo ananyamula mipando, kwaya inaimba, ngakhale onse anasankha kuima mbali yochokera mphepo. ANangondo anayenda okha ndi nkhata yawo yofiira, yolukidwa ndi masamba onyezimira, anaiika pa simenti yatsopano n'kuisalaza ndi manja onse awiri. Misozi inatsika, koma pakamwa pankaseka.

"A Lufeyo, maluwa anu aja ndi awa," anatero chapansipansi. "Achedwa, koma afika. Munangondibisira kuti ndi ndiwo za nsomba."

Pobwerera kumudzi anapezana ndi bambo Kachingwe, amene ankayenda chakutsogolo ndi mbale ya nyama yokulunga m'kampango.

"Bambo Wapampando, ndamva kuti mawa kukubwera mlendo wamkulu."

"Wamkulu zedi, mayi."

"Maluwa atsalako m'lichero. Mukhoza kubwereka, mumulukire nkhata ya m'khosi. Ine sindimana."

Bambo Kachingwe anaima, anakonza jekete, anayang'ana aNangondo ndi nkhope ya munthu amene wanyozedwa pa chinthu chimene amachisunga kuyambira ubwana.

"Ayi mayi, zikomo," anatero. "Ife a komiti zinthu za eni timazilemekeza."